Chigamba cha pa Jekete la Ababa

Ndinali ndi zaka khumi ndi chimodzi pamene ndinang'amba jekete la bambo anga ndi lezala. Sizinachitike mwangozi ayi. Ndinakhala pansi n'kuganiza bwinobwino, ndinasankha malo ong'amba, ndipo nditamaliza ndinadziona ngati mwana wanzeru kuposa ana onse a mu Pinetown.

Nthawi imeneyo tinkakhala m'chipinda chimodzi kuseri kwa nyumba ya eni ake, kufupi ndi njanji. Ababa anali atagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga ku Westville kwa zaka zambiri, mpaka abwana awo anagulitsa nyumba n'kusamukira kunja. Ogula nyumbayo anabwera ndi kampani yotchetcha, anyamata a mayunifomu ndi makina aphokoso, ndipo ntchito ya ababa inathera pomwepo. Amayi anali oyembekezera, ndipo anali atasiya kale kuchapa ndi kusita m'mafulati a ku Musgrave chifukwa miyendo inkawatupa. Mwezi woyamba sitinaone kusintha kwenikweni. Wachiwiri nyama inasowa. Pofika wachitatu tinkadya kamodzi pa tsiku, ndipo ndinayamba kuona kuti amayi ankati akhuta asanadye n'komwe, kuti ine ndimalize za m'mbale.

Jekete lija linali lotuwa ngati phulusa. Ababa analigula pa kaunjika ku Limbe atatsala pang'ono kunyamuka ulendo wobwera kuno ku Durban, ndipo linkakhala pa msomali kuseri kwa chitseko litakutidwa ndi pulasitiki. Linkanunkhira timibulu toyera tothamangitsira njenjete. Ankalivala popita kutchalitchi, kumaliro ndi kokafunsira ntchito, basi. Ine ndinkaloledwa kulisasa fumbi ndi kaburashi, koma kulichotsa pa msomali unali mlandu.

Anthu oyandikana nafe anatiuza kuti kuli malo amene amapereka chakudya kwa ovutika. Ine ndinali mwana wa mafunso osatha, ndipo chinandidabwitsa n'chakuti malo alionse anali ndi malamulo akeake. Ku holo ina ya mu Pinetown momwemo ankafuna kabuku kobiriwira ka unzika, kamene ababa analibe. Ku Musgrave kunali anthu amene ankaima ndi galimoto Lachisanu n'kumagawa buledi pawindo, koma ankapatsa amene wafika msanga, ndipo ofika msanga anali anyamata odziwa kuthamanga. Ku Westville, pa tchalitchi china chimene sinditchula dzina, Lachiwiri lililonse ankapereka phukusi lenileni: ufa, nyemba, mafuta ophikira, nsomba za m'chitini ndi sopo. Kumeneko sankafunsa mapepala. Mayi wina ankangokuyang'ana n'kuona ngati uli woyenera. Ndinafunsa amayi kuti njala ya ku Westville imasiyana bwanji ndi ya ku Pinetown, ndipo anandiuza kuti ndikatunge madzi.

Ababa anakana kupita ku Westville kuja kwa masabata awiri. Lachiwiri la sabata yachitatu anadzuka m'mamawa, anameta ndevu, anapolisha nsapato mpaka zinawala, anamanga tayi n'kuvala jekete. Ananditenga ine chifukwa Chizulu chawo chinkawaulula msanga kuti ndi mlendo, pamene changa chinali cha kusukulu. Kunyumba ndinali Tadala, panjira ndinali Thandi, ndipo Chichewa tinkachisiya pakhomo potuluka.

Pamzere paja panali amayi obereka ana, madala a mabulangete kumapewa, ndi anyamata ogona m'mapaipi a m'mbali mwa msewu waukulu. Pakati pawo ababa ankaoneka ngati abusa obwera kudzapempherera chakudyacho. Ena mpaka anawapatsa njira. Titafika pa tebulo tinapeza mayi wa tsitsi loyera, magalasi ake atalendewera pa kachingwe. Nkhope yake sinali ya nkhanza ayi, ndipo zimenezo zimandivutitsa mpaka lero. Anayang'ana nsapato za ababa, anakwera ndi maso mpaka pa tayi, kenako ananena mwa Chizungu, motsitsa mawu kuti ena asamve, kuti zimenezi ndi za anthu amene alibiretu kalikonse. Ababa anavula chipewa, anawerama pang'ono n'kunena kuti zikomo, madamu. Anamuthokoza munthu wotibweza manja opanda kanthu. Ine mtima unandiwira, koma anandigwira dzanja n'kutuluka nane.

Tinabwerera wapansi. Titafika pamalo popanda anthu, pafupi ndi mlatho, ndinalephera kupirira.

"Ababa, bwanji simunawauze kuti kunyumba kulibe ufa?"

"Anandifunsa?"

"Nanga bwanji munavala jekete?"

Anaima n'kundiyang'ana ngati ndafunsa chifukwa chimene munthu amasambira m'manja asanadye. "Tadala, munthu ukamapita kukapempha kanthu kwa anthu, umavala bwino. Kumeneko n'kulemekeza amene ukuwapemphawo. Agogo ako ankachita kubwereka malaya kuti akapemphe mbewu kwa anzawo. Ndipite pamaso pa anthu ndi nsanza, ngati ndikupita kudimba?" Anayambanso kuyenda, ndipo patapita kanthawi anati kumene kuja sadzapondakonso.

Madzulo ake ndinamuuza zonse Nomvula, mnzanga wa m'nyumba yaikulu, amene ankapita ku Westville komweko ndi agogo ake ndipo sankabwerako chimanjamanja. Anaseka mpaka kukhala pansi. Anandiuza m'Chizulu kuti iye popita kumeneko amavula nsapato n'kuzibisa m'tchire la pa geti, ndipo agogo ake ali ndi diresi lapadera la Lachiwiri limene samalichapa. "Hawu, Thandi," anatero, "ndani angapatse nyemba munthu wooneka ngati hedimasitala?"

Mawu amenewo anandikhala m'mutu. Kwa ine nkhani inali yapafupi: njala tinali nayo, chakudya chinalipo, ndipo pakati pa ziwirizo panaima jekete. Lachinayi masana, ababa atapita ku renki ya matekisi kukadikira ganyu, amayi atagona chifukwa cha kutopa, ndinakwera pa chitini n'kulichotsa pa msomali. Ndinatenga lezala ya ababa n'kucheka pachifuwa, pamwamba pa thumba, utali wa chala changa chapakati. Ndinakoka ulusi kuti paoneke ngati pang'ambika kalekale, ndinapaka kadothi pang'ono, n'kudula batani limodzi. Ndinalibwezera pa msomali popanda pulasitiki kuti alione akangolowa.

Sindinabisale ayi. Ababa atalowa ndinaima pakati pa chipinda n'kunena ndekha, "Ndalikonza, ababa. Tsopano Lachiwiri akakupatsani."

Amayi anagwira pakamwa. Ababa anachotsa jekete lija pang'onopang'ono, anakhala pa bedi, analiyala pa mawondo, n'kulowetsa chala pa bowo paja. Chinatulukira mbali inayo. Apa m'pamene nzeru zanga zonse zinayamba kundithawa. Ndinkayembekeza lamba, ndipo ndinkalifuna, chifukwa lamba limapweteka n'kutha. Koma iwo anangoti, "Mawa sukupita kusukulu. Ulinyamula wekha kupita nalo kwa a Sekuru, ndipo suliika m'jumbo. Aliyense aone ntchito ya manja ako."

A Sekuru anali a Mbewe, telala wokalamba amene ankasokera pakhonde la sitolo ina kuseri kwa renki. Anabadwira ku Bulawayo kwa bambo a ku Dedza, n'chifukwa chake aliyense ankawatchula ndi dzina la Chizimbabwe limenelo, lotanthauza agogo. Ku Malawi anali asanapondeko, koma akati "kwathu" ankanena kumeneko. Makasitomala ankawalankhula m'Chizulu, koma akaona munthu wakumudzi ankatsitsa mawu n'kutulutsa Chichewa chawo chakale chosakanikirana ndi zilankhulo za m'migodi.

M'mawa mwake ndinalinyamula, ababa akunditsatira pambuyo. A Sekuru analandira jekete lija, analitembenuza, ananunkhiza pa dothi paja, n'kundiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Msomali sung'amba mowongoka chonchi. Lezala iyi. Ndani dokotala wake?"

Ababa anandiloza ndi chibwano. Anandiuza kuti ndifotokoze ndekha, ndipo ndinafotokoza zonse, kuyambira pa mayi wa magalasi mpaka pa diresi la agogo a Nomvula, misozi ikutsika. A Sekuru sanaseke ndipo sanakalipe. Anangoyang'ana ababa n'kunena kuti, "Eish, a Phiri, jekete layambanso milandu yake yakale. Khalani pansi nonse. Ntchito iyi si ya makina, itenga nthawi maningi."

Anatsegula mpendero wa m'kati mwa jekete n'kuyamba kusolola ulusi wake womwe, umodziumodzi, kuti alukire pong'ambika paja ndi ulusi wofanana. Ine anandipatsa ntchito yogwira tiulusi timeneto kuti tisauluke. Asanayambe anatuma mayi wogulitsa pafupi kuti abweretse tiyi ndi magwinya, mandasi a kuno, ndipo anangotiikira patsogolo osafunsa ngati tadya. Ababa anayamba kunena kuti tadya kale, koma a Sekuru anali atatembenukira ku singano ngati sakumva.

Akuluka, anayamba kutiuza za bambo awo. Anati ananyamuka ku Dedza ali mnyamata, nkhondo yoyamba ya Ajeremani isanayambe, pothawa msonkho, ndipo anayenda wapansi kudzera ku Tete mpaka ku Halale. Anakhala zaka zambiri akutsika kumwera, tauni ndi tauni, mpaka anafika kuno ku Thekwini, monga mmene Durban amamutchulira m'Chizulu. M'matauni onsewo anagwamo m'mavuto, mwina matenda mwina kutha kwa ntchito, ndipo ku ukalamba kwawo ankakonda kuyerekeza mmene tauni iliyonse inkathandizira wanjala, monga mmene ena amayerekezera mowa wa m'midzi yosiyanasiyana.

"Ku Halale," a Sekuru anatero, "kunali mishoni kunja kwa tauni. Ukafika ndi njala sankakupatsa mbale, ankakupatsa nkhwangwa. Uwaze nkhuni mulu wakutiwakuti, phala pambuyo. Mdala wanga anafika kumeneko malungo atamugwira, nkhwangwa inkamugwa m'manja. Anadya amene anali ndi mphamvu, iye anabwerera."

"Koma iye ndi amene anali ndi njala kwambiri," ndinatero.

"Yebo. Gwira ulusiwo bwino."

Ku Bulawayo, anati, kunali kagulu ka madona kothandiza osauka, koma osauka ake anali azungu okhaokha. Bambo awo anagwirako ntchito yophika kwa dona mmodzi wa m'kaguluko, ndipo ankamunyamulira dengu akamayendera nyumba za azungu ovutika. Donayo ankalowa mpaka kukhitchini, kuvundukula mapoto, kuyang'ana pansi pa bedi. Donayo anamumana dengu mayi wina wamasiye chifukwa anali ndi wotchi yaikulu ya pakhoma imene mwamuna wake anasiya. Anamuuza kuti aigulitse kaye. Ine ndinadabwa kwambiri, chifukwa sindinkadziwa kuti mzungu angakhale ndi njala, kapena kuti mzungu mnzake angamuvundukulire poto.

"Nanga anthu akuda ankawathandiza ndani?" ndinafunsa.

"Tokhatokha, m'komboni. Kunali mabungwe a maliro a anthu akumudzi, ndipo ukadwala ankakubweretsera chakudya. Koma usaganize kuti ife tinali angelo, mdzukulu. Nafenso tinali ndi funso lathu: kwanu n'kuti, mfumu yako ndani? Wa ku Dedza ankadya kwa a ku Dedza. Wa ku Nkhata Bay akasochera n'kufika pakhomo pathu, ankamulozera njira ya kwa anzake."

Ababa anaseka pang'ono n'kunena kuti zimenezo sizinathe.

Ku Bulawayo komweko ndi kumene bambo a a Sekuru anagula jekete lawo loyamba, ndipo analowa nalo mu Joni. A Sekuru anaimitsa singano kuti ndimvetse bwino. Anati ku Joni munthu wakuda wanjala sankayerekeza kuoneka wanjala. Ukaoneka wa nsanza, wopanda ntchito, pasi yako yokulola kukhala m'tauni itatha, wokuthandiza anali wapolisi. Chakudya unkachipezadi, koma m'chitokosi, ndipo ukatuluka m'menemo ankakutumiza kukalima ku mapulazi kapena kukukweza sitima yobwerera kumene unachokera. Choncho bambo awo ankatha masiku awiri osadya, koma m'mawa uliwonse ankasasa jekete, kulivala, n'kumayenda mofulumira ngati munthu wotumidwa ndi bwana. Apolisi ankawadutsa.

"Manje tamvera za kuno," anatero. "Mdala anapeza ntchito padoko, yonyamula malasha kukweza m'sitima zapamadzi. Tsiku lina chitsulo chinamuphwanya phazi, ntchito inatha. Anamva kuti kuli ofesi ina imene nthawi zina imapereka chakudya kwa ovulala. Anavala jekete lake lomwe lija, mwaulemu wakwathu, n'kupita akutsimphina. Kalaliki anatuluka kuseri kwa tebulo, anagwira nsalu ya jekete ndi zala ziwiri chonchi, n'kunena kuti munthu wa jekete lotere si wosauka, akaligulitse kaye."

Ndinayang'ana ababa. Iwo ankayang'ana pansi.

"Jekete lomwelo?" ndinafunsa. "Limene linawapulumutsa ku Joni?"

"Lomwelo, munthu yemweyo, mimba yomweyo."

"Analigulitsa?"

"Akanaligulitsa akanadya sabata imodzi, kenako akanakafunsira ntchito atavala chiyani? Anatsimphina mpaka kumtsinje, kumene Amwenye achisilamu ankaphika mpunga m'miphika ikuluikulu. Kumeneko sankafunsa kanthu. Munthu ankakuthira madzi m'manja n'kukulozera pokhala. Mdala ankati m'matauni onse amene anayenda, malo amene anadya osayamba wayesedwa ndi amenewo okha. Koma futi kumeneko kunali vuto lake: ankaphika tsiku limodzi pa sabata, ndipo mimba simadziwa masiku."

Sindikudziwa kuti mwa zonsezi zoona zenizeni zinali zingati. Nkhani inali itadutsa pakamwa pa anthu awiri okalamba, ndipo a Sekuru ankadziwa kukometsa. Koma funso limene amayi anandithamangitsa nalo linapeza munthu wolimvera, ndipo ndinalifunsanso: bwanji tauni iliyonse inali ndi zakezake, pamene njala ndi imodzi?

Anakoka ulusi wina. "Ndaliganizapo zaka zambiri. Ine ndikuona ngati aliyense wopereka ali ndi chimene amaopa. A ku mishoni ankaopa kudyetsa waulesi. Madona aja ankaopa kupusitsidwa. A ku Joni ankaopa munthu wongoyendayenda m'tauni mwawo. Ife tinkaopa kuti tikadyetsa mlendo, wakwathu asowa. Ndiye lamulo lililonse linkasokedwa pa muyeso wa mantha a wopereka. Wolandirayo palibe amene ankamuyeza, ndipo ine telala ndikudziwa zimene zimachitika ukasokera munthu chovala osamuyeza."

Dzuwa litapendeka, pong'ambika paja panali patatsekeka. Ndinafunafuna ndi maso, ndinapapasa ndi chala, koma ndinkangomva kamzere kakang'ono kolimba. Batani anapeza lofanana nalo m'chitini chawo. Ndinapuma, poganiza kuti mlandu wanga watha. Koma a Sekuru sanapereke jekete lija. Anatulutsa kansalu kofiirira, kakale, kosagwirizana ndi jekete ngakhale pang'ono, anakaika pamwamba pa malo amene anali atangoluka, n'kuyang'ana ababa.

"A Phiri, mwanayu walakwa, koma sananame. Lachiwiri likubwera, ndipo kunyumba kuli mayi woyembekezera. Jekete ndi lanu. Chigamba chioneke, kapena chisaoneke?"

Pa renki matekisi ankaliza mahutala, oitanira akukuwa za ku tauni, koma ine ndinkangomva kupuma kwa ababa. Dzulo lake ndikanadumpha n'kunena kuti chioneke. Tsopano ndinkapemphera mumtima kuti akane. Ndinkafuna bambo anga a pa mlatho aja, amene anandiyang'ana modabwa nditawafunsa za jekete. Anatenga kansalu kaja, anakatembenuza kangapo, anayang'ana kapu ya tiyi imene ndinamwa mpaka kunyambita shuga wapansi, kenako anakabwezera pachifuwa pa jekete.

"Chioneke," anatero.

Ndinapambana, ndipo sindinamvepo chisoni chotero chibadwire. A Sekuru anasoka chigamba chija ndi ulusi wakuda, misoko ikuluikulu yotalikirana ngati ya munthu wosadziwa singano. Akupereka jekete anati, "Ichi ndangochigwiriza. Pansi pake jekete lanu ndi lamphumphu. Tsiku limene mudzaitanidwe ku ntchito, mudzangodula ulusiwu. Ndipo adzadule ndi dokotala yemweyu."

Lachiwiri ababa anameta ndevu monga mwa masiku onse. Nsapato anazigwira, anayang'ana burashi, n'kuzivala osapolisha. Tayi anaisiya pa msomali. Tinaima pamzere womwe uja, ndipo ulendo uno palibe anatipatsa njira. Mayi wa magalasi sanatikumbuke n'komwe. Anayang'ana nsapato, anakwera ndi maso mpaka pa chigamba chofiirira, nkhope yake inagwa ndi chifundo, ndipo anatipatsa phukusi n'kuwonjezera kabotolo ka jamu ka mwana. Ababa anavula chipewa n'kunena kuti zikomo, madamu, ndi mawu omwe aja a tsiku loyamba. Tsiku limenelo amayi anadya mpaka kumaliza mbale yawo. Ine nyemba sizinandikomere, koma ndinadya, chifukwa ndinkadziwa mtengo wake.

Tinapita ku Westville kangapo ndi chigamba chimenecho. Lamulungu ababa ankapita kutchalitchi ndi malaya okha, akunamizira kutentha, ngakhale inali nyengo yozizira. Mlongo wanga atabadwa, munthu wina wa kutchalitchi anawauza kuti pa mafulati ena ku Musgrave akufuna wosamalira pabwalo, akaonekere Lolemba. Lamulungu masana anandiitana, anandipatsa lezala yomwe ija, n'kuyala jekete pa bedi. Ndinadula misoko yakuda ija umodziumodzi, chigamba chinagwa, ndipo pansi pake nsalu inali yotuwa, yosalala, monga a Sekuru ananenera. Ababa analivala, anakoka m'munsi mwake kawiri, n'kundiuza kuti nditenge kaburashi. Ntchito ija anaipeza, ndipo anaigwira mpaka anapuma.

A Sekuru anamwalira ndili ku sekondale. Nditakula ndinayesa kufufuza m'mabuku za matauni amene ankanena, ndipo ndinapeza zambiri za makomiti, malamulo ndi madona, koma za anthu ngati bambo awo zinali zochepa. Mabukuwo analembedwa kuchokera kumbali ya tebulo kumene kumakhala wopereka. Ndimafunabe kudziwa zimene mayi wamasiye wa wotchi uja anachita donayo atatuluka, komanso dzina la munthu amene ankathira anthu madzi m'manja kumtsinje.

Masiku ano ndimaphunzitsa pa sukulu ina ya pulayimale, ndipo Loweruka ndimathandiza kugawa chakudya pa holo ina kuno ku Durban. Tsopano ndili kumbali ina ya tebulo, ndipo ndazindikira kuti a Sekuru ankanena zoona: mantha aja ndimawamva nanenso. Maphukusi amakhala ochepa, anthu ambiri, ndipo maso amathamangira okha ku nsapato za munthu. Mayi wa magalasi uja sindimudanso. Ndimangodziwa kuti ababa ndi chigamba sananame, njala inali yeniyeni, koma tinawakakamiza kuilemba pachifuwa kuti tiikhulupirire, ine woyamba ndi lezala yanga. Wovala nsanza amakhala atazolowera kupempha. Wovala jekete nthawi zambiri ndi ulendo wake woyamba, ndipo wakana kubwera kwa masabata awiri.

Mwezi wathawu kunabwera bambo wina amene anaima kumapeto kwenikweni kwa mzere, atavala suti yakuda yositidwa bwino, nsapato zikuwala, chipewa chili m'manja. Mtsikana amene timagawa naye anandinong'oneza kuti ameneyo mwina wasochera, kapena wabwera kudzatengera ena kuti akagulitse. Ndinanyamula phukusi n'kupita nalo komwe anaimako. Ndinawapatsa moni m'Chizulu, ndipo mmene anayankhira ndinamva kwawo. Ndinatsitsa mawu n'kunena kuti, "Mwaswera bwanji, bambo? Landirani katundu wanu, musaime padzuwa." Anandiyang'ana modzidzimuka, anayamba kufotokoza kuti iwo sikuti ndi munthu wopemphapempha, kungoti kampani yawo yatsekedwa. Ndinawauza kuti sindinafunse. Analandira ndi manja awiri, anawerama pang'ono, n'kutuluka pa geti msana uli chilili.

Chigamba chofiirira chija ndikadali nacho m'kachikwama kanga, ndi tiulusi take takuda. Ababa akabwera kudzationa amavalabe jekete lotuwa lija, ngakhale tsopano likuwakulira m'mapewa. Akakhala pansi, dzanja lawo limapita lokha pachifuwa, pamwamba pa thumba, n'kumasisita kamzere kamene palibe wina amakaona koma iwo ndi ine.